Kodi Ikadali Galimoto ya Bambo?

Okutobala akafika ku Lusaka, eni magalimoto akale sakhala ndi mtendere. Dzuwa likakhala paliwombo, mzere wa magalimoto utaima pa Lumumba Road kuchokera ku City Market kulowera ku Matero, singano yoonetsa kutentha kwa injini imayamba kukwawa kupita kofiira. Woyendetsa Peugeot 504 kapena Land Rover yakale amayang'ana singanoyo kuposa msewu. Ena amazimitsa injini ali pamzere pomwepo, ena sachoka pakhomo opanda chigubu cha madzi kumbuyo. Amene wachedwa kuzindikira amaonekera patali: boneti ili m'mwamba, nthunzi ili tolotolo, mwini wake ali chiimire ndi kansanza m'manja, kudikira kuti chivindikiro chizizire.

Kawirikawiri vuto limakhala pa rediyeta. Injini ikamatentha petulo kapena dizilo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kutenthako limatengedwa ndi madzi amene amazungulira m'kati mwake. Madziwo amalowa m'thanki ya pamwamba ali otentha, amatsika m'timapaipi tambirimbiri topyapyala, mphepo n'kumawomba pa tizitsulo topindapinda tolukidwa pakati pa timapaipito, ndipo amafika m'thanki ya pansi atazizirako, n'kubwereranso mu injini. Timapaipi tikatsekeka kapena kubooka, gasiketi imapsa, hedi imapindika, ndipo vuto limene likanatha ndi ndalama zochepa limabala lalikulu.

Mzinda wa Lusaka nawo suichitira chifundo rediyeta. Uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotero madzi osatsekeredwa sadikira madigiri 100. Cha pa 96 ayamba kale kubwata. Pansi pa mzindawu palinso miyala ya laimu, ndipo madzi a m'zitsime ndi m'mijigo amatuluka nayo. Aliyense amene anasuzumirapo m'ketulo ya ku Chelstone kapena ku Kabwata amadziwa zoyera zimene zimamatirira pansi pake. Zomwezo zimamatirira m'timapaipi ta rediyeta chaka ndi chaka, pakuti madalaivala ambiri amathira madzi a pampopi okhaokha, poganiza kuti mankhwala obiriwira osakaniza ndi madzi a m'rediyeta ndi a kumayiko a chisanu. Chonsecho mankhwalawo ndi amene amaletsa dzimbiri.

Munthu wa ku Chunga amene rediyeta yamuthera amaimasula, kuiika m'saka, n'kukwera nayo minibasi yodutsa ku Matero kulowa m'tauni. Amainyamula chifukwa kutchula dzina la galimoto sikuthandiza. Mnyamata wa m'sitolo anabadwa 504 itasowa kale m'misewu. M'masitolo a masipeya a mu Freedom Way ndi Chachacha Road mashelefu ndi odzaza marediyeta onyezimira a Corolla, Vitz, Allion ndi Hiace. Wogulitsa amatulutsa tepi, kuyeza m'litali ndi m'lifupi, kuyang'ana kumene kwaloza makosi olowa mapaipi, kenako n'kupukusa mutu. Yankho la m'tauni ndi lodziwika: "Kulibe, bosi. Izi zinasila kudala. Yesani ku Soweto." Ku msika wa Soweto amamulozera kwa ophwasula magalimoto, ophwasulawo amamulonjeza kuti afunsa mnzawo wa ku Kabwe kapena ku Kitwe, ndipo sabata imatha saka lili paphewa.

Anzake a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, amene amasunga Mercedes W123 kapena Land Rover ya Series m'galaja yotseka n'kumaitulutsa Lamlungu, ali ndi njira yachidule. Amaitanitsa ku Johannesburg, katundu n'kufika pa basi ku siteshoni ya Intercity, kapena ku England, kumene zipangizo za ma Land Rover akale zimapangidwabe.

Magalimoto amenewa sanali alendo kuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kampani ya Livingstone Motor Assemblers inayamba kulumikiza ma Fiat ku Livingstone, ndipo pambuyo pake inawonjezera Peugeot 504 ndi Mazda 323. Ku Ndola ankalumikiza ma Land Rover. 504 inatuluka koyamba ku France mu 1968, inapambana Safari Rally mu 1975 ndi mu 1978, ndipo anthu a mu Afirika anaikonda kwambiri moti ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 2004, ku Kaduna ku Nigeria mpaka 2006. Zinthu zinatembenuka boma la Frederick Chiluba litatsegula malonda pambuyo pa 1991. Magalimoto oyendapo kale a ku Japan anayamba kukhamukira kudzera ku Nakonde ndi ku Chirundu, mafakitale olumikiza anazirala, ndipo ogulitsa masipeya anatsata kumene kuli makasitomala.

Chinanso chimene chimameza marediyeta akale ndi mtengo wa kopa. A nthawi imeneyo anali ndi mathanki ndi timapaipi ta bulasi, tizitsulo ta pakati ta kopa, zonse zolumikizidwa ndi mtovu. Pa 11 Ogasiti 1969, ku Matero, pafupi ndi Chunga pomwepa, Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 alionse a migodi. Chaka chimenecho dziko linakumba matani a kopa oposa 700,000, ndipo opanga marediyeta kunja anali m'gulu la ogula kopa wambiri. N'zotheka ndithu kuti kopa wa m'rediyeta ya Fiat ya ku Livingstone anachokera ku Nchanga kapena ku Mufulira, nakazungulira ku Ulaya, n'kubwerera kwawo atasanduka chipangizo. Lero kopa yemweyo amagulidwa pa sikelo. Ogula sikirapu amayenda m'makomboni ndi mawilibala, anyamata otola pa dzala la Chunga amadziwa kusiyanitsa chitsulo wamba ndi chofiira, ndipo galimoto ikasiyidwa pabwalo zoyamba kusowa ndi batire ndi rediyeta. Imene yasungunulidwa yapita, ndipo kulibe fakitale imene ikupanga ina yoti ilowe m'malo mwake m'masitolo a kuno.

Wosakasaka uja amatsala ndi zosankha zochepa. Akhoza kupeza rediyeta ya galimoto yofanana imene inafa kale, koma nayonso yamwa madzi a laimu zaka 40. Akhoza kugula ya aluminiyamu ya galimoto ya ku Japan n'kuikakamiza kuti ikwane. Kapena akhoza kupita kwa mmisiri wa marediyeta, mmodzi wa amene amapezekabe m'magalaja a ku Matero ndi m'dera la mafakitale.

Ntchito ya mmisiri ameneyu ndi yoyenera kuionerera. Amatseka makosi onse ndi zidutswa za labala, amapoperamo mpweya pang'ono, n'kumiza rediyeta m'bafa la madzi. Pamene patuluke thovu ndi pamene pabooka, ndipo amalembapo ndi choko. Mabowo akakhala ochepa amapala malowo mpaka bulasi awale, amapakapo asidi, amayandikiza moto wa gasi, mtovu n'kusungunuka kutsata mng'alu. Rediyeta ikakhala yotsekeka amasungunula mtovu wogwira thanki ya pamwamba, kuivula, n'kumalowetsa kachitsulo kakatali kopyapyala m'kapaipi kalikonse, kamodzikamodzi. Pamenepo mbiri yonse ya galimotoyo imatuluka: laimu, dzimbiri, zotsalira za dzira ndi za ufa wa tsabola zimene mwini wake anathiramo tsiku lina pamsewu wa ku Chipata kuti angofika. Kenako amayendetsa chala pa tizitsulo ta pakati. Tikamafumbutuka, ndiye kuti core, gawo lonse la pakati lija, yatha, ndipo kuwotcherera kulikonse n'kutaya mtovu.

Koma mathanki a bulasi satha msanga. Mmisiri amawavula onse awiri pamodzi ndi zitsulo za m'mbali zomangira, amawatsuka, amawongola pamene panaphwanyika, ndipo amaitanitsa core yatsopano ya muyezo womwewo, nthawi zina ya mizere itatu m'malo mwa iwiri kuti izizizira bwino mu Okutobala. Amalumikiza, amamizanso m'bafa, ndipo thovu likasowa amapaka penti yakuda yopyapyala, chifukwa yokhuthala imatsekera kutentha m'kati. Imene ikubwerera ku Chunga ili ndi mathanki a ku fakitale, manambala ake akuwerengekabe, koma madzi adzayenda m'timapaipi ta chaka chino.

Ya aluminiyamu siiyenera kunyozedwa. Kopa amatulutsa kutentha msanga kuposa aluminiyamu, koma mtovu wolumikizira umakuchedwetsa, kotero kuti rediyeta yabwino ya aluminiyamu imaziziritsa mokwanira, ili yopepuka ndi yotsika mtengo. N'chifukwa chake mafakitale anasamukira kumeneko pakati pa zaka za m'ma 1970 ndi m'ma 1990. Choipa chake n'chakuti mathanki ake ndi apulasitiki, ogwidwa ndi timano topinda pa labala, ndipo akang'aluka kawirikawiri yonse imatayidwa. Imabweranso ndi chivindikiro cholimba, chopangidwira injini za masiku ano zimene zimasunga madzi pa mphamvu yaikulu. Mphamvuyo ikalowa m'mapaipi a labala otopa ndi m'kahita ka pansi pa dashibodi, chimene chinali kugwira dzulo chimaphulika lero. Fanizo la Yesu la chigamba chatsopano pa chovala chakale, la mu Marko chaputala 2, amakaniko amaliona ndi maso.

Apa ndi pamene nkhani ya zitsulo imalowa m'nyumba. Ena mwa magalimoto akale amene akuyendabe ku Chunga, ku Lilanda ndi ku Kabwata ndi chuma cha masiye. Bambo anagula 504 ali pantchito, ankapita nayo kumudzi ku Petauke kapena ku Chipata pa Khirisimasi, ankanyamuliramo odwala a mumpingo usiku, ndipo atamwalira inatsala m'manja mwa mwana wamwamuna. Kuchokera pamenepo injini inagogoda, munalowa ya Toyota. Giyabokosi inatsatira, mipando inasokedwanso, penti yoyera inasanduka yabuluu pambuyo pa ngozi. Tsopano ndi rediyeta. Pamsonkhano wa banja, mwanayo akupempha abale kuti asonkhe, mlongo wake amafunsa mosanyoza: "Achimwene, mukuti tikonze galimoto ya bambo. Cha bambo chatsalamo n'chiyani?"

Funso la mlongoyu ndi lakale kuposa galimoto. Plutarch, mlembi wachigiriki wa cha m'ma 100 A.D., anasimba za chombo cha nkhafi 30 chimene Theseus anabwerera nacho ku Athens kuchokera ku Crete. Anthu a mzindawo anachisunga mibadwomibadwo, mpaka m'masiku a Demetrius wa ku Phalerum, amene analamulira Athens kuyambira 317 mpaka 307 B.C. Thabwa likawola ankalizula n'kukhomapo lina. Anzeru a kumeneko anagawikana: ena ankati ndi chombo chomwecho, ena ankati cha Theseus chinatha kalekale. Mu 1655 Mngelezi Thomas Hobbes anaikulitsa nkhaniyo. Bwanji munthu wina akanamatola matabwa ozulidwawo, n'kumawasunga, kenako n'kuwalumikiza monga analili poyamba? Padoko pakanaima zombo ziwiri, chilichonse ndi umboni wake.

Ku Ulaya imeneyo ndi nkhani ya m'kalasi, koma ku Lusaka imachitika ndithu. Injini imene inatsitsidwa mu 504 ija sinatayidwe. Makaniko anaisunga pakona, anaikamo mapisitoni ena, ndipo lero ili m'pikapu ya munthu wina, ikunyamula makala. Zitseko zakale zinapita kwina. Land Rover ndiye yoposa, pakuti thupi lake ndi lomangidwa ndi mabawuti, ndipo amisiri amatha kutenga zitatu zakufa n'kutulutsamo imodzi yoyenda. Yotulukayo ndi iti mwa zitatu zija?

Boma lili ndi yankho lake lalifupi. Ku RTSA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la 2002, galimoto imadziwika ndi nambala ya chesisi yolembedwa mu white book. Wosintha injini kapena mtundu wa penti amakanena kuti akonze chikalata, ndipo galimoto imakhalabe yomweyo. Za rediyeta safunsa n'komwe. Yankho limeneli ndi lothandiza kwa apolisi ofufuza galimoto yobedwa ndi kwa a inshuwalansi, koma mlongo uja silimufika pamtima, ndipo ali ndi chifukwa. Bambo ake sawakumbukira ndi nambala. Chesisi ya nambala yolondola ikhozanso kugona padzala udzu utameramo, popanda woiloza n'kunena kuti galimoto ija ndi iyo.

Yankho lina lili ku Chilenje, pa nyumba nambala 394, imene Kaunda anakhalamo kuyambira Januwale 1960 mpaka Disembala 1962. Pabwalo la nyumbayo, imene tsopano ndi chikumbutso cha dziko, pali Land Rover imene inagwira ntchito pa nthawi yomenyera ufulu. Imeneyo sifuna rediyeta. Ntchito yake ndi kukhala mboni, kuti mwana wasukulu aone chitsulo chenichenicho chimene chinayenda misewu ya fumbi ya Northern Rhodesia, ndipo wosinthapo kanthu angakhale akuwononga umboni. Pamalo otero, okakamira chitsulo choyamba akunena zoona.

Koma si galimoto iliyonse imene ingakhale yoonetsa alendo. Mwana amene amakana rediyeta iliyonse kufikira atapeza yochokera ku fakitale ya Peugeot amaimika galimotoyo pamiyala, amati n'kwa kanthawi, ndipo kanthawiko n'kamene kamaipha. Matayala amang'aluka, mabuleki amagwirana, makoswe amadya mawaya, nkhuku zimaikira pampando wakumbuyo. Pakapita zaka zingapo abale omwe aja amagwirizana zoitana wa sikirapu. Mwanayo ankafuna kusunga ulemu wa bambo ake, ndipo mtima umenewo ndi wabwino, koma bambowo anagula galimoto kuti iziyenda.

Achewa akhala akuliyankha funsoli kwa zaka mazana ambiri, ndipo amaliyankha pa anthu. Mfumu ikagona, dzina lake silipita nayo kumanda. Amayi aakulu a banja lachifumu amakhala pansi, amasankha mmodzi wa kumbumba, kawirikawiri mwana wa mlongo wa malemu, ndipo iye amalowa dzina, mpando, ndi milandu imene malemu anaisiya panjira. Amene ankagwada kwa malemu amagwada kwa iye. Kumapeto kwa Ogasiti chaka chilichonse mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Amene ali pampandowo kuyambira 2004 si thupi lomwe linatsogolera anthu zaka mazana apitawo, ndipo aliyense amadziwa zimenezo. Komabe palibe amene amabwerako akudandaula kuti amuonetsa Undi wabodza.

Chimene chimapangitsa wolowa m'malo kukhala weniweni si magazi okha, pakuti a magazi amakhala ambiri. N'chakuti analowa masana anthu akuona, nasenza ntchito yomwe ija pakati pa anthu omwe aja, iwo n'kumulandira. Nduna zimene anazipeza zimamulangiza, kenako nazo zimapita imodziimodzi, n'kulowa zina zimene iye adzazilangize. Palibe tsiku limene bwalo lonse linasinthidwa pakamodzi. Wolanda mpando mwachinyengo, ngakhale atavala zonse za malemu, anthu amadziwa kuti si iye.

Nzeru imeneyi imamuyankha mlongo uja bwino kuposa white book, kuposanso Hobbes. Galimoto ya bambo ndi imene sinasiye kukhala galimoto ya pakhomopo. Chipangizo chilichonse chatsopano chinalowa chokha, chinayezedwa kuti chigwirizane ndi zimene chinazipeza, chinatenga ntchito ya chimene chinatopa, ndipo sabata yotsatira galimotoyo inapitanso kutchalitchi. Injini yakale imene ili m'pikapu ya makala inayamba mbiri ina kwa mwini wina. Munthu atatolera zonse zimene zinatsitsidwa n'kuzimanga pamodzi, adzakhala ndi galimoto yatsopano ya zitsulo zakale. Malire nawo alipo. Wogula Corolla n'kumatapo chizindikiro cha mkango cha Peugeot sanasunge kanthu, chifukwa palibe chakale chimene chinalandira chatsopano.

Pa chifukwa chomwechi, pamene thumba lilola, kusintha core n'kusunga mathanki kuli bwino kuposa kukakamiza rediyeta yachilendo. Kopa si wopatulika ayi. Ubwino wake n'ngwakuti chatsopano chimadulidwa pa muyezo wa chakale, m'malo modula thupi la galimoto kuti mlendo akwane, ndipo zaka 20 zikapita mmisiri wina adzatha kuivulanso n'kuikonza. Amene sangakwanitse aike ya aluminiyamu mopanda manyazi, aike chivindikiro cha mphamvu yoyenera injini yake, asadule chitsulo chimene sangadzachibwezere, ndipo yakaleyo aipachike kudenga.

Chosaloledwa ndi bodza. Bungwe la padziko lonse la magalimoto akale, FIVA, limene limawerengera galimoto kukhala ya mbiri ikakwanitsa zaka 30, linalemba mfundo zake mu Charter of Turin, imene inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2013. Mfundozo siziletsa kusintha chipangizo chotha. Zimapempha kuti chosinthacho chilembedwe, chidziwike, ndipo ngati n'kotheka chichitike mwa njira yoti wina adzathe kubwezeretsa. Wogulitsa amene amapaka rediyeta ya Hiace penti yakuda n'kulumbira kuti sinakhudzidwepo chichokereni ku fakitale, kapena wodula nambala ya chesisi n'kuiwotcherera pa galimoto ina, ali ngati wolanda mpando uja. Kabuku ka sukulu kosungidwa m'kabokosi ka padashibodi, kolembamo tsiku, chipangizo ndi amene anachiika, n'kokwanira kusunga mbiri yoona.

Komabe mlongo uja sankafunsa za zitsulo zokha. Anthu a ku Chunga amakhala moyandikana ndi manda, a Chunga ndi a Chingwere, ndipo misewu yawo imadutsa malole a Canter odzaza anamfedwa, amayi a Chigwirizano akuimba. Kumandako abusa amawerenga 1 Akorinto chaputala 15, pamene Paulo akuphunzitsa za kuuka kwa akufa ndi fanizo la mbewu yofesedwa. Wolira amene wamva mawuwo ali ndi ufulu wofunsa. Thupi limene laikidwa lero lidzasanduka dothi, n'kulowa m'mizu ya udzu ndi mitengo. Nanga adzauka ndi liti? Amene adzaukeyo adzakhala bambo omwe aja?

Madokotala amawonjezera kuti kusinthaku sikudikira imfa. Maselo ofiira a m'magazi amakhala masiku pafupifupi 120, n'kulowa ena. A m'kati mwa matumbo satha sabata. Mafupa amadzimanganso pang'onopang'ono m'zaka pafupifupi 10. Kafukufuku wa Jonas Frisén ndi anzake ku Karolinska ku Sweden, wotuluka mu 2005, anaonetsa kuti maselo ena a mu ubongo ndi amsinkhu umodzi ndi mwini wake, koma mbali yaikulu ya thupi ndi yaing'ono kwa munthuyo. Bambo amene anagula 504 ali ndi tsitsi lakuda sanali ndi magazi omwewo pamene ankapereka makiyi kwa mwana wawo. Pa 3 Disembala 1967, ku chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu wina m'chifuwa cha Louis Washkansky, amene anakhala nawo masiku 18. Mkazi wake pokamuona m'masiku amenewo ankapita kwa mwamuna wake yemwe uja.

Akhristu oyambirira analimbana nalo funsoli mosabisa. Origen wa ku Alexandria, m'zaka za m'ma 200, anayerekeza thupi ndi mtsinje, umene madzi ake sakhala omwewo koma maonekedwe ake amadziwika. Augustine wa ku Hippo, kumpoto kwa Afirika, m'buku lake la Mzinda wa Mulungu limene analimaliza mu 426, sanachite manyazi kukamba ngakhale za tsitsi ndi zikhadabo zimene munthu amadula moyo wake wonse. Iye anaganiza kuti Mulungu adzasonkhanitsa zonse monga mmisiri woumbanso chinthu ndi zipangizo zomwe zija, ngakhale kachidutswa kalikonse kasabwerere pamene kanali. Awiriwa anasiyana pa zambiri, koma aliyense wa iwo anaona kuti munthu sakhala yemweyo chifukwa choti nyama yake yaima chilili. Anaika chiyembekezo chawo mwa Mulungu amene anamuumba ndipo amamudziwa.

Apa galimoto ndi munthu zimasiyana njira, ndipo kusiyanako kunenedwe momveka. Galimoto ilibe mzimu. Imakhala ya bambo chifukwa pali anthu amoyo amene amakumbukira chigongono chawo chili pawindo, ndipo womaliza wa anthu amenewo akadzapita idzakhala katundu wa pa sikelo monga ina iliyonse. Chikhulupiriro cha Akhristu chimati munthu sadalira kukumbukira kwa abale ake, kumene kumazirala. Amagwiridwa ndi Mulungu amene saiwala. Choncho mwana amene amaopa kuti akasintha rediyeta ataya bambo ake kachiwiri amasuke mtima, pakuti bambowo sali m'thanki ya bulasi. Ndipo ngati galimotoyo yayamba kudya fizi ya adzukulu awo, kuigulitsa kwa munthu amene adzaiyendetse si kuwanyoza. Iwo eni anaigulira banja lomwelo.

Koma pamene banja lingathe, kuisamalira ndi ntchito yoyenera munthu wopemphera. Dzala la Chunga limalandira zotayidwa za mzinda wonse, za ku Kabulonga ndi za ku Woodlands zomwe, ndipo utsi wake amaupuma ndi oyandikana nalo. Zambiri zimene zimafika kumeneko zinapangidwa kuti zikathyoka zisakonzedwe. Mmisiri amene amakhala tsiku lonse pa rediyeta imodzi, kuyesa kapaipi kalikonse asanagamule kuti katha, akusunga khalidwe limene mzindawu ukulifuna m'zinthu zambiri zoposa magalimoto.

Luso limeneli likufuna olowa m'malo. Anyamata ndi atsikana ophunzira umakaniko m'makoleji a pansi pa TEVETA akukonzekera magalimoto a kompyuta, ndipo n'zomveka, pakuti ndiwo adzaza msewu. Koma mathirakitala, majenereta ndi malole ambiri akadali ndi marediyeta a kopa, ndipo wodziwa mtovu sadzasowa ntchito posachedwa. Amisiri achikulire atenge ophunzira manja asanayambe kunjenjemera. Eni magalimoto athire mankhwala oletsa dzimbiri, asiye mazira ndi tsabola. Ndipo amene ali ndi rediyeta ya kopa kuseri kwa nyumba, ya galimoto imene inapita kale, asathamangire nayo kwa wa sikelo. Ayambe wadutsa nayo m'magalaja a ku Matero ndi ku Chunga, afunse ngati pali amene akuisaka.